Sikelo ya ku Joni ndi batani la jekete

Lolemba
Lamulungu likudzali andikhazika ukulu wa mpingo pamaso pa anthu onse. Suti ndili nayo imodzi, ya paukwati wanga, ndipo batani la jekete silikufika pabowo lake. Patsala zala zitatu. Mwana wa alandilodi, wobwera kumene ku Joni, wandibwereka sikelo yagalasi yoyeza ndi mafuta a m'thupi omwe. Umapondapo wopanda nsapato. Yati makilo 94, mafuta 33 peresenti. Zoti ndichite:
- kuthamanga m'mawa ndisanapite kukaphunzitsa
- tchipisi cha padepoti ayi
- shuga supuni imodzi

Lachiwiri
Ndathamanga kukafika pamlatho. Kuzizira kwa Mzimba kuno si kwamasewera. Abambo ena a njinga ya makala aima n'kundifunsa, "Asambizi, mukuchimbira vichi?" M'Chitumbuka chawocho akuti aphunzitsi, mukuthawa chiyani? Pobwerera ndachita kuyenda. Ndiponda sikelo thukuta lili kamukamu: mafuta 29 peresenti! Tsiku limodzi lokha. Ndakondwa zedi.

Lachitatu
Ndiponda nditangodzuka, mapazi ali zii: 34. Ndiye kuti ndanenepa ndili m'tulo? Ndaikokera pakhomo, 32. Kuseri kwa kabati, 31. Simenti ya nyumba ino ndi yopendekeka. Miyendo ikupweteka moti pokhala pampando ndikuchita kugwira tebulo. Ana a Fomu 2 akuona zonse.

Lachinayi
Alandilodi, mayi wachikulire, amva kuti ndasiya tchipisi ndipo aganiza kuti ndikudwala. Abwera ndi mbale ya mpunga, ntchafu ya nkhuku pamwamba. "Ryani, asambizi, mungafwa na njala." Akhala pampando mpaka ndamaliza. Kukana chakudya cha munthu wamkulu ndi mwano. Lero sindinathamange.

Lachisanu
Mayi Phiri, namwino woyandikana nane, aiona sikelo n'kuseka. "Aphunzitsi, kameneka kamangolota. Kamadutsitsa timagetsi kumapazi, ndiye mukamwa madzi kapena mapazi akanyowa, nambala imasintha. Muzikhulupirira lamba wanu." Ndamva bwino lomwe, koma ndatolapo za madzizo. Makapu atatu, mapazi m'beseni, sikelo kuseri kwa kabati: 26! Ndakadzithokoza padepoti. Tchipisi, ndi kanyenya pang'ono.

Loweruka
Ndayesa jekete. Patsala zala zinayi. Telala wa pamsika waitembenuza n'kupukusa mutu. "Bwana, nsalu ya m'kati tinatulutsa kale chaka chatha." Ndaimbira mayi a ana kwathu ku Dedza kuti andilimbitse mtima. Angoti, "Mimba mwailera zaka khumi, mukufuna ichoke sabata imodzi?" Zandiwawa, chifukwa n'zoona.

Lamulungu
Ndaima kutsogolo jekete ili pululu, Baibulo langa lalikulu nditalikumbatira pamimba. Nzeru imeneyi yagwira ntchito mpaka nthawi ya malemba, pamene abusa apempha Baibulo langalo, akuti lawo zilembo zachepa. Ndatsala ine ndi mimba yanga, mpingo wonse ukuona. Manyazi andigwira, malonjezo ndayankha maso ali pansi. Potuluka alandilodi andigwira chanza ndi manja onse awiri, nkhope ili mwee. "Mwachira, asambizi. Thupi lawelera." Sikelo ndabweza kwa mwini wake. Mawa pamlatho, miyendo ikalola.