Mmene Ndinawotchera Asewere pa Msewu wa ku Sinda

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anamwalira, ndipo ukwati unachitika. Ndikutero chifukwa nkhaniyi yafika mpaka ku Vubwi itamera nyanga, ena akuti ndinkafuna kuphika mayi a mkamwini wanga. Bodza lenileni. Ine ndifotokoza mwadongosolo, monga munthu amene anagwirapo ukalaliki pa depoti ya thonje.

Achinyamata simuzidziwa galimoto zija tinkazitcha kafulu: msana wozungulira, maso otuzuka, zitseko ziwiri zokha. Injini ili kumbuyo, katundu amalowa kutsogolo, ndipo madzi siimwa, imazizira ndi mphepo. Ine ndinali nayo yanga yobiriwira (mapepala ake onse ndikadali nawo, ngakhale galimotoyo nkhuku zinaikiramo mazira mpaka inatha). Ndiye tsiku lina nditamva "pupupupu" kuseri kwa msika wa Katete, sindinachite kucheuka. Ndinangouza mayi a kunyumba kuti, "Ameneyo ndi kafulu."

Mwini wake anali a Sakala, ogulitsa mbewu. Ndinawafotokozera za galimoto yawo yomwe mpaka anatopa, navomera kundibwereka pa tsiku la ukwati wa mwana wanga Tisa, kuti ndikatenge asewere, a Nabanda, kumudzi kwawo ku Sinda. Apa mumvetse bwino. A Nabanda ukwatiwu anauvomera monyinyirika. Ankati banja lathu ndi lonyada, ndipo kunkamveka kuti akangokhumudwa pang'ono, m'tchalitchi sadzapondamo. Ine ndinkafuna kuwapatsa ulemu.

"Bambo, bwanji osangowakweza minibasi?" anatero mayi a kunyumba.

"Minibasi? Asewere akapanikizane ndi mbuzi ine ndili moyo?"

Mawa lake kuli ukwati, ndinaitsuka galimotoyo mkati ndi kunja. Nditanyamula mpando wakumbuyo ndinapeza chidutswa cha chubu cha tayala, chakuda, chafumbi, chitayalidwa pamwamba pa batire (inde, batire la kafulu limakhala pansi pa mpando wakumbuyo, kumanja; amene anaganiza zimenezi akayankha kumwamba). Ndinati a Sakala ndi auve, n'kuchitaya kudzala. Ine amene sinditaya ngakhale tikiti ya basi!

A Nabanda ndi mayi amene Mulungu sanawamane thupi. Ndinapinda mpando wanga, iwo analowa cham'mbali mopumira, nakhala kumbuyo kwanga. Chigubu chawo cha thobwa ndinachiika kutsogolo.

"Asewere, thobwa langa mukuliika pa injini?"

"Injini ili kumsana kwanuko, mayi. Iyi ndi galimoto yanzeru. Madzi siifuna, moti ine sindinyamula ngakhale dontho."

Msewu wochoka kumudziko ndi maenje okhaokha, ndipo dzenje lililonse asewere ankakwera m'mwamba n'kutsika mwamphamvu.

"Komatu mpando uno ngofunda bwino," anatero.

"Ndi mmene anazipangira," ndinayankha ndili nyadu.

Patsogolo pang'ono ananunkhiza. "Kodi kuno ayamba kale kutentha tchire?"

"Anthu a mbewa amenewo, mayi. Ndi nyengo yake."

Kenako ndinangomva, "Mayo ine! Ndikupsa!"

Kuyang'ana pagalasi, utsi ukutuluka uku ndi uku, asewere ali pakati. Pomwepo ntchito ya chubu chija inandibwerera m'mutu: zitsulo za mpando zinali zitagunda batire, ndipo zamkati mwa mpandowo zinali zitayaka.

Ndinaimika, ndinadumpha, ndinakoka kachitsulo kopindira mpando. Kanakana. Ndinakokanso. Kanatsalira m'manja mwanga. Amuna a m'mudzi wapafupi anathamangira kumbuyo n'kuyamba kuthira mchenga pa injini, imene sinalakwe kanthu. Madzi panalibe (musandikumbutse). Nditakumbukira thobwa ndinathamangira kutsogolo kwa galimoto, asewere n'kufuula, "Akuthawa! Bambo wa mkwatibwi akuthawa, m'gwireni!" Bambo wina anandigwiradi lamba, ndipo ndinachita kulimbana naye kuti ndifike pa chigubucho.

Pobwerera ndinapeza amayi awiri ogulitsa tomato akuwasolola asewere pa chitseko chakumanzere. Ndinakhuthula thobwa osayang'ana, lina pa mpando, lochuluka pa asewere. Moto unazima. Koma diresi lawo latsopano linali ndi dzenje kumbuyo, kukula kwake ngati mbale.

Ku Katete tinafika pa lole ya mtedza, iwo atafunda chitenje cha mayi wa tomato. Pakhomo pa tchalitchi anaima n'kundiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi. Tisa anali atayamba kale kulengeza misozi. Kenako asewere analowa.

Koma kukhala pansi anakana, pa chifukwa chimene inu ndi ine tikuchidziwa. Abale a mkwati ataona kuti mayi wamkulu waima, nawonso anaimirira. A mbali yathu anaopa kuoneka amwano, anaimiriranso. Abusa, amene ulaliki wawo umafika dzuwa litapendeka, anayang'ana mpingo wonse uli chilili, nawerenga vesi limodzi, namanga ukwati. Potuluka, akuluakulu a mpingo anandigwira chanza mothokoza.

Kumadyerero a Nabanda anandiitana, atatsamira mtengo wa mango.

"Asewere, munthu wothamanga ndi chigubu, tayi ili kumsana, mnzake atamugwira lamba, ameneyo kunyada alibe. Mwana wanu ndamulandira." Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Koma thobwa langa mubweze."

A Sakala masiku ano amandipatsa moni ali kutsidya kwa msewu. Mayi a kunyumba akuti akukhulupirira kuti ndatolapo phunziro, ndipo ndatoladi: galimoto ija inalibe vuto. Munthu wathupi azikhala kumanzere.