Fomu Yanu Yandipezera Bwana M'nyumba Mwanga Momwe

Kwa Olemekezeka Akulu a Zamisonkho,

Bwana, ndagwada. Ine ndine munthu wamba, wolemba zikwangwani uja wa pakhonde la sitolo ya penti, moyang'anana ndi pokwerera basi. Ndinasiya ntchito yolembedwa kuti pasakhale wondiloza chala, ndipo zinkandiyendera mpaka tsiku limene ndinakumana ndi fomu yanu ya anthu odzilemba okha ntchito. Ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha tizilembo take. Ine amene ndimalemba zoti munthu awerenge ali m'basi yothamanga, ndinachita kubwereka magalasi kwa telala woyandikana nane.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha bokosi la patsamba lomaliza, lofuna dzina ndi siginecha ya okulembani ntchito. Pa fomu ya anthu opanda owalemba ntchito! Nzeru zotere sizipezeka wamba. Ndinawauza mayi a pawindo ku ofesi yanu kuti ndilibe bwana. Iwo, osadzutsa n'komwe mutu, anati bokosi likakhala lopanda kanthu kompyuta imalavula fomu, ndingolembapo aliyense amene amandituma. Ndinaganiza mofatsa pamzere pomwepo. Wondituma padziko lino ndi mmodzi yekha, akazi anga. Anasaina akuseka mpaka misozi.

Chachitatu, ndikuyamikira changu. Ofesi yanu, imene sinayankhepo kalata yanga ndi imodzi yomwe, inawalembera iwo msangamsanga, kuwatchula Olemba Ntchito ndi kuwalamula kuti azidula msonkho pa malipiro anga. Bwana, kuseka kunathera pomwepo. Kalatayo aiika m'felemu pabalaza, pamene panali chithunzi cha ukwati wathu. Makasitomala tsopano akulipira kwa iwo. M'mawa amandigwedeza phazi, ati ntchito sidikira munthu. Ndikafuna kukaonera mpira, ati ndilembe kalata yopempha tchuthi. Nditadonthezera penti pa chikwangwani cha ometa tsitsi, ndinalandira chenjezo pamaso pa ana, moti wamng'ono uja akumauza alendo kuti antchito a amayi atuluka. Apongozi anga nawo ayamba kufunsa ngati pakampanipa pali malo a mlamu wanga.

Chachinayi chinalipo, koma abwana achifufuta.

Msonkho sindikukana ayi. Ndimalipira, ngakhale msewu wa pakhonde langa uli ndi maenje oti mwana angasambiremo. Chikundiwawa n'chakuti ufulu ndicho chinali chuma changa chokha, ndipo mwandilanda ndi kabokosi kochepera chikhatho. Ndinabwerera kuwindo kuja kuti tikonze. Anandipatsa mwaulemu fomu ina yosinthira bwana, yofunika kusainidwa ndi bwana amene ndikumusiyayo. Ndinaipereka kunyumba ndi manja awiri. Pano ili pansi pa mwendo wa tebulo lathu logwedera, ndipo kunena zoona tebulolo lasiya kugwedera.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Sindinganene kuti muchotse bokosilo, ndine yani ine? Ndikungopempha kuti musanasindikize mafomu ena, mutengeko imodzi mupite nayo kwanu. Mulembepo moona mtima dzina la amene amakutumani, akusainireni, kenako ofesi yanu iwalembere kalata ngati ija. Pakatha mwezi bokosilo mudzalichotsa nokha, ngati adzakuloleni.

Ine wantchito wanu, ndiponso wa ena,
Wolemba zikwangwani wa pakhonde

Yaonedwa ndi kuvomerezedwa ndi Olemba Ntchito. Abwerere kuntchito.