Agalu Awiri, Mbale Imodzi

Lolemba

Chigamulo cha apongozi chafika kudzera mwa akazi anga, mayi a Tadala, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi: agalu akalumananso sabata ino, Lamulungu mmodzi achoke. Dzina sanatchule. Koma Sajeni ndi wa apongozi, wobadwira pano pa Kaduya. Chete ndi wanga, ndinabwera naye kuchokera kwathu ku Dowa bambo atamwalira. Ngakhale nkhuku zikudziwa wochoka.

Pamwamba pa ndewu, onse awiri ali ndi njoka za m'mimba. M'chimbudzi chawo muli tizidutswa toyera ngati mpunga, ndipo Chete akukhwekhwereza matako pabwalo alendo akuona.

Alangizi a ziweto andipatsa mapilitsi awiri ndi malamulo awa:
- galu aliyense pilitsi lake
- kupha nthata, poti galu akazimeza njoka zimayambira pomwepo
- zam'kati zaziwisi za mbuzi, ayi
- mbale ziwiri, motalikirana, ndewu idzatha yokha

Zophweka. Munthu wolamulira kalasi yodzaza ya Sitandade 1 angalephere agalu awiri?

Lachiwiri

Mbale ziwiri. Ina kukhitchini, ina pansi pa mtengo wa mango. Aliyense akudya zake, zii! Ndikudzitcha katswiri. Mapilitsi mawa.

Madzulo uthenga: "Amayi akuti tsankho likayambira pa agalu, mawa lifika pa anthu. Pakhomo pano abale amadyera mbale imodzi."

Ndati agalu si abale. Mayi a Tadala akuti ndikanene ndekha. Mbale yachiwiri tsopano akumwera anapiye.

Lachitatu

Mbale imodzi. Ndaumba timipira tiwiri ta mkute ndi matemba, pilitsi mkati mwa kalikonse. Kena mbali ino, kena mbali iyo.

Sajeni kwapu! Kwapu! Tonse tiwiri.

Chete waima patali, akuyang'ana phiri ngati wabwera kudzaona malo. Mkamwini weniweni.

Ndaimbira alangizi. "Safa ameneyo, ndi wamkulu thupi. Koma mbale ziwiri zija zili kuti?" Ndati netiweki yavuta.

Lachinayi

Tsiku lopha nthata. Chete wasamba mankhwala mwaulemu, akunjenjemera. Sajeni waona beseni n'kuliyatsa liwiro, wabwera dzuwa litapendeka n'kukagona pa chiguduli cha Chete. Nthata zasamuka osalipira thiransipoti.

Kenaka alamu anga a Makwinja, opha mbuzi pamsika, afika ndi jumbo la zam'kati. Khuthu! pakati pa bwalo. Ndayesa kufotokoza za alangizi. "Aphunzitsi, galu wa kuno amadya zimenezi chibadwire. Njoka ndi za agalu obwera."

Agalu mano panja, ubweya njoo. Ndathira beseni lonse la madzi pakati pawo, theka lagwera a Makwinja. Palibe walumidwa. Pakhonde apongozi atsokomola kamodzi. Mayi a Tadala akuti imeneyo sanaiwerengere.

Lachisanu

Pilitsi lina. Alangizi andipatsa osandiyang'ana.

Nzeru yatsopano: kudyetsa Chete mobisa, m'munda wa nandolo. Ndamumanga chingwe, kampira m'thumba, ulendo. Sajeni akutilondola chapatali, fungo la matemba lamufika.

Ndangotulutsa kampira, nandolo tswatswa! Apongozi, lichero m'manja, akuthyola ndiwo. Ndachita zoyenera mkamwini woleredwa: ndapatuka, ndagwada, nkhope kumbali, manja ndawomba. Kuwomba m'manja kumafuna manja opanda kanthu. Kampira ndinakaika pansi.

Apongozi adutsa. Ndacheuka. Sajeni akudzinyambita.

Mapilitsi atatu m'mimba mwa galu mmodzi. Ulemu wokhawokha.

Loweruka

M'boma lonse la Phalombe mulibe galu wathanzi kuposa Sajeni. Njoka zatha, chilakolako chawirikiza. Chete nthiti zikuwerengeka.

Masana, mbale imodzi ija. Chete wayandikira, koyamba sabata ino waikamo pakamwa. Njala ilibe ulemu. Sajeni wamugwira khutu. Fumbi koboo, anapiye balalabalala, ine ndi beseni lopanda madzi. Khutu lang'ambika.

Apongozi aona zonse kuyambira pachiyambi. Uthenga: "Amayi akuti Sajeni sanalumepo galu mpaka kudabwera mlendo."

Zoona ndithu. Kunalibe galu wina woti amulume.

Ndatsuka khutu ndi madzi amchere. Chete sakulira. Bambo ankamutcha Chete chifukwa cha khalidwe lomweli.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi. Chete m'dengu, dengu panjinga, ulendo wa ku Mkhumba kwa a Banda, mphunzitsi mnzanga wokhala m'nyumba ya sukulu. Alibe galu, alibe apongozi pafupi.

Pilitsi lachinayi ndamupatsa pamanja, lopanda mkute, lopanda matemba. Wameza. Basi, nkhani yonse inali yomweyo.

A Banda amuikira mbale yakeyake. Ndatsanzika, ndamuitana dzina. Wagwedeza mchira koma mutu sanadzutse, akudya. Zandipweteka, ndisaname. Pa zonse za bambo ndinatsala ndi galu ameneyu.

Kunyumba ndapeza Sajeni atagona pakhomo panga. Wandilandira ndi mchira, akununkhiza thumba. Sabata yonse ndamudyetsa matemba, ndiye wandisankha.

Uthenga womaliza: "Amayi akuthokoza, akuti mwamusamala bwino galu wawo." Abwezanso mbale yachiwiri ija, yotsukatsuka.