Khosi la a Radosav

A Radosav anali munthu yekhayo m'dera lathu lino la ku Serbia amene ankadya pofuna kunenepetsa khosi. Mimba analibe nayo ntchito.

Paja akuluakulu amati wobzala mtengo wa mtedza, uja wa kwathu kuno wobereka m'mitengo ikuluikulu, amafa thunthu likangofanana ndi khosi lake. A Radosav anaubzala ali mnyamata, chifukwa a Milunka, akazi awo, ankakonda mtedzawo. Atamva za mwambowo, mtengo unali utagwira kale, ndipo kuudula akuti ndi tsoka loposa. Basi mpikisano unayambika.

Masamba akayamba kuyoyoka, ife tinkagwetsa mtedza ndi mitengo yaitali, iwo ankaukwapula mtengowo ngati wawabera mbuzi. Akatero ankakhala pakhonde, manja ali bii ndi makoko, n'kumaswa mtedza, kuviika mu uchi, kumeza.

Adokotala anawachenjeza kuti achepetse thupi.

"Kauzeni mtengowo uyambe ndiwo," anayankha a Radosav.

Kuyeza kunali kwa a Milunka, poti eni ake ankaopa kuona okha. Mayiwo ankapita ndi chingwe kumtengo, n'kubwera kudzachikulunga pakhosi pa amuna awo.

"Bwanji mayi?"

"Mukadali patsogolo, bambo. Ndi chala chimodzi."

"Chimodzi chokha? Bweretsani uchi."

Koma abale, thunthulo linali loti ana awiri ankabisala kuseri kwake! Tonse tinkaliona. Mlendo wina atatsegula pakamwa kuti anene, a Stanoje oyandikana nawo nyumba anamuponda phazi, n'kumuthira kachasu wa mapulamu mpaka anaiwala. Ngakhale a Radosavwo maso anali nawo, koma ankati maso amanama, chingwe sichinama.

Chaka china a Milunka anamwalira nyengo yozizira isanafike. Mtedza utagwa, a Radosav anatenga chingwe chija okha, a Stanoje akuwakuwira kuti dikirani ndikuyezereni. Anachikulunga pathunthu, chingwe osafika ndi theka lomwe. 

"Ndiye kuti ndinafa kalekale," anatero. "Mayi aja osandiuza."

Uchi sanaukhudzenso, ndipo chipale chofewa chisanasungunuke tinawaika pambali pa akazi awo.

Chaka chino mtedza wabereka zoopsa. Tatola, taswa, tadya mwakachetechete. Mudzi wonse tinasunga bodza limodzi zaka zonsezo osalitaya, ndipo lero tilibe womunamiza. Zikutiwawa, anthuni.