Ndinakolopa Masamu a Thoko

Masiku ano ndikamadutsa pamsika wa Zingwangwa ndimayenda mofulumira, chifukwa amayi a kutchalitchi kwathu sanaiwale zimene ndinachita.

Thoko ndi mwana wa mchimwene wanga. Amaphunzira fizikisi kunja, sukulu yake yosatha ija (zaka ndinasiya kuwerenga). Atabwera kutchuthi anafikira kwa ine, ndipo tsiku loyamba lomwelo ndinamufunsa chimene amaphunzira kwenikweni.

"Anti, ndimafufuza tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tina timachokera kudzuwa, moti pano tikudutsa m'thupi mwanu tambirimbiri."

"M'thupi mwa ndani?"

"Mwanu. Ngakhale pakhoma timadutsa, ndipo munthu samva kanthu."

Ndinaseka mwachiphamaso. Zinthu zosaoneka, zolowera pakhoma, zodutsa m'thupi mwini wake osamva, kwathu kuno dzina lake timalidziwa.

Masiku amenewo magetsi ankangothimathima, laputopu yake n'kumazima. Ndiye anagula choko n'kuyamba kulemba pakhoma la kuchipinda kwake. Masiku khumi akudzitsekera, akulankhula yekha, chakudya osachilabadira. Lachinayi m'mawa atapita m'tauni ndinasuzumira. Mayo ine! Khoma lonse linali mizere yopindikapindika ngati njoka, mivi, timafoloko ta mano atatu, ndi zilembo zoti si za Chichewa, si za Chingerezi. Ndinaopa kwambiri, ndisaname.

Ndinajambula khoma lonse pafoni, mbali ndi mbali, n'kutumiza pagulu lathu la pafoni la amayi a kutchalitchi: "Thamangani, mwana watilowetsera zinthu m'nyumba." Pasanathe ola amayi asanu anafika, patsogolo pali Mayi Chikaonda, mtsogoleri wathu, atanyamula paketi ya mchere. Tinaimba, tinadzudzula, tinawaza madzi a mchere ngodya zonse. Kenako ine ndinatenga chikolopa n'kupukuta khoma lija mpaka mbee! (Chimangireni nyumbayo, khomalo linali lisanawalepo choncho.)

Thoko atabwera masana anaima pakhomo la chipinda n'kuona khoma lili mbee. Kenako anangokhala pansi n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro.

"Anti, anali masamu amenewo! Aphunzitsi anga akuwafuna Lolemba. Yankho ndinali nditangolipeza, ndipo sindinalembe pena paliponse!"

Apa ndinagwidwa mantha ena oposa oyamba aja. M'maganizo ndinaona mchimwene wanga akutsika minibasi ya ku Bangwe kudzandifunsa kuti sukulu ya mwana wake ndaikolopa bwanji.

Anandipulumutsa ndi Mayi Chikaonda omwewo, amene anali akadali pabalaza kudikira tiyi.

"Koma inu, si munajambula musanapukute?"

Thoko anatsomphola foni yanga. Zithunzi zonse zinalipo, zooneka bwinobwino, pansi pake pali mauthenga a amayi: "Moto! Moto!" "Zibwerere kumene zachokera!" Anakopera masamu ake onse kuchokera pamenepo, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Akuti pachithunzi chachitatu anapezanso pamene analakwitsa, moti anati ndikawathokozere amayiwo.

Ndinapepesa, ndipo tsopano ndikudziwa kuti anali masamu basi. Koma za tinthu todutsa m'thupi tija, Thoko sanabweze mawu mpaka anakwera ndege. Ndiye mukandiona ndavala juzi dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, musandifunse.