Masamba Pamsewu wa ku Padua

Sendezani mpandowo kuno, mayi a Chisomo, tiyi wanuyo bwerani naye. Nkhani iyi sindifuna kukweza mawu, chifukwa bambo a Tadala ali pabalazapo, ndipo akangomva kuti ndayamba ya ku Italy amabwera kudzawonjezera zawo. Mwakhala mukundifunsa za chithunzi chili pakhomacho, chija ndili maso psuu, chitenje m'chiuno, nditaima ndi mtsikana wachizungu wovala masamba kumutu. Lero mumva.

Chaka chatha tinakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu tili m'banja. Mwana wathu Tadala anati, "Mum, Dad, mupite ku holide. Holide yeniyeni, osati ya ku Dedza yokamanga ziliza." Sananame mwanayo. Chibwerereni kuno ku Edmonton, ine ndege ndimakwera kukagwa zovuta kumudzi. Masiku ena onsewa ndi shifiti ku care home, kusambitsa agogo a eni, kuwadyetsa, kuthamangira basi, kugona, kudzuka, kubwereranso.

Amene anasankha mzinda wa Padua, ku Italy, ndi bambo a Tadala. Ku depoti ya mabasi komwe amagwira ntchito, mnzawo wina anawaonetsa pafoni katchalitchi kakalekale kojambulidwa zithunzi makoma onse, denga lake labuluu lodzaza nyenyezi. Miyezi itatu yathunthu munthu ankangokamba za denga. Mpaka anakhomeratu msomali pabalazapo, akuti podzapachika chithunzi chawo ataima pansi pa nyenyezizo. Koma m'katchalitchimo simulowedwa mwachisawawa. Umachita kubukitsa nthawi, amakulowetsani kagulu kochepa, ukachedwa basi wagwa nayo. Tadala anatipezera malo tsiku lathu lomaliza, 3 koloko masana, ndipo sabata imeneyo munalibenso malo ena.

Tili m'sitima yopita ku eyapoti, bambo a Tadala anandigwira dzanja.

"Mayi a Tadala, ndikupempheni chinthu chimodzi. Masiku anayi okhawa musasamale munthu. Mukaona gogo akuvutika kukwera masitepe, ali ndi ana ake. Inu mwabwera kudzaona malo."

"Iii, kodi mumanditenga ngati ndani?" ndinatero ine, n'kulonjeza.

Ndipo masiku atatu ndinasunga lonjezo, Mulungu ndi mboni. Tinayenda m'makonde awo ataliatali aja oti mvula singakupeze, tinaona bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi ziboliboli, tinamwa khofi wa m'kakapu konga komwe ndimapatsira agogo anga mankhwala kuntchito. Tsiku lina ndinaona mdala wina chingwe cha nsapato chitamasuka, manja anga anayamba kuyabwa, koma ndinayang'ana kumwamba mpaka anadutsa. Bambo a Tadala anandigulira ayisikirimu pondiyamikira.

Tsiku lomaliza tinatuluka kuhotela 2 koloko itangokwana. Abambo atavala jekete yawo ya ku tchalitchi ndi chipewa chatsopano, foni ili m'manja ikuti ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu basi. Nthawi tinali nayo yambiri. Foniyo inatilozera kamsewu kachidule kamiyala, ndipo titangokhota, ndinaima njii.

Masamba pamsewu! Obiriwira, ena ali ndi tinthambi take, ali mbwee pakhomo pa kamsewuko.

Inu mukudziwa kwathu. Masamba akaikidwa pamsewu, wanjinga amatsika, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono, wachipewa amavula.

"Vulani chipewa," ndinanong'ona.

"Kuno ndi ku Italy, mayi."

"Ndiye ku Italy samwalira? Vulani."

Anavula. Tinayenda pang'ono, n'kutulukira pakabwalo kena kutsogolo kwa chinyumba chachikulu chakale. Anthu ali timagulu timagulu, azibambo atavala masuti akuda. Pakhoma atamata chipepala chachikulu, pamwamba pake nkhope ya mtsikana yojambula pamanja, m'munsimo malemba tho mpaka pansi. Ndinati mumtima, mbiri ya malemu iyi. Cha apo panaima bambo wina wa imvi, nkhope ili gwa, atanyamula nkhata ya masamba yomangidwa ndi kansalu kofiira. Ndikufunseni, mayi a Chisomo, nkhata inu munaionapo ikupita kuti, ngati si kumanda?

Ngakhale zinali choncho, ndikanadutsa. Ndithu ndikanadutsa mwaulemu, chifukwa lonjezo ndinkalikumbukira. Koma pamasitepe a chinyumbacho panakhala mayi wina wamsinkhu wanga, akulira, kansalu kali pamphuno, mapewa akugwedezeka. Yekha! Anthu onse aja akungocheza, wina akusuta fodya, ndipo panalibe mzimayi ngakhale mmodzi wokhala pambali pa namfedwa.

Chitenje ine sichichoka m'chikwama, olo ndipite kuti. Ndinangoona ndachimanga kale.

"Mayi a Tadala, munalonjeza."

"Uku si kusamala munthu, uku ndi kupepesa. Mphindi zisanu zokha. Inu pitani mukaime ndi azibambo anzanu uko."

Mwamuna wanga ndi woleredwa bwino, ameneyo ndiye mlandu wake. Anapita, chipewa chili pamtima, n'kuyamba kupereka moni wa manja awiri kwa bambo aliyense, akuwerama.

Ine ndinavula nsapato n'kukhala pansi pamiyala, mmunsi mwa mayi uja, miyendo nditawongola. Ndinamugwira bondo. Anandiyang'ana modabwa. Ndinaloza nkhope ya pakhoma ija, kenako ndinaloza iye. Anagwedeza mutu, n'kudzigunda pamtima, misozi n'kuwonjezeka. Ndinati, mayo, ndi mwana wake! Anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi: mtsikana uja ali wakhanda, ali ndi yunifolomu ya sukulu, ali panjinga mano awiri akutsogolo atachoka. Chithunzi chilichonse ankachipsompsona.

Apa ndiye zinandithera. Mukukumbukira kuti amayi anga anatisiya nthawi ya mliri ija, ndege zitaima? Maliro awo ndinawaonera pafoni, m'kachipinda kopumulira kuntchito, masiki ali kukamwa, ndipo patangopita mphindi makumi awiri belu la agogo a m'chipinda 6 linalira, ine n'kupukuta maso n'kupita. Kulira kuja ndinakusunga zaka zonsezi. Kunatulukira pamiyala ya ku Padua.

"Mayo ineee! Mwana wapita akadali wanthete! Watisiyira ndani?"

Ndinalira kwa kwathu, kokoka mawu kuja. Mayi uja anadzidzimuka, kenako anandikumbatira, tonse n'kumagwedezeka. Nditapezako mpweya ndinayambitsa nyimbo ya pamaliro, ndikuyembekeza kuti wina andipolokezera. Palibe. M'malo mwake achinyamata anatizungulira n'kumatijambula pamafoni, ena akumwetulira. Ndinati mumtima, ana a masiku ano ndi chimodzimodzi dziko lonse. Nditasuzumira kwa azibambo, ndinaona bambo a Tadala apatsidwa tambula ya chakumwa cha mtundu wa lalanje, wina akuwasisita pamsana mosangalala, iwo ali kakasi, diso lili pawotchi.

Mwadzidzidzi chitseko chachikulu chija chinatseguka, anthu onse n'kukuwa, kuwomba m'manja, malikhweru. Ndinati bokosi likutuluka, koma bwanji akuwombera m'manja bokosi? Ndinadzutsa mutu.

Malemu akutsika masitepe, mayi a Chisomo. Atavala nsapato zagogoda, buku lofiira lili m'khwapa, akuseka mano onse pamtunda. Nkhope yomwe ija ya pakhoma! Bambo wa imvi uja anapita n'kumuveka nkhata ija kumutu, mayi amene ndinkalira naye uja n'kundisiya pansi pompo, kuthamanga kukamupsompsona.

Ine ndili chikhalire, nsapato zili pambali, nyimbo itandithera pakhosi.

Mtsikanayo ankayankhula Chingerezi. Anabwera, amayi ake akumukoka dzanja, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndine mnzawo wa amayi ake.

"Mwanawe," ndinatero ine, "kodi wamwalira ndani pano?"

Anandiyang'ana, anayang'ana chitenje, anayang'ana bambo a Tadala ndi chipewa chawo pamtima. Atawamasulira amayi ake, mayi uja anaseka mpaka anakhala pansi pambali panga penipeni. Kani mwanayo anali atangomaliza maphunziro a udokotala, woyamba m'banja lawo lonse kufika ku yunivesite. Kumeneko womaliza maphunziro amamuveka nkhata ya masamba, ndipo masamba a pamsewu aja anali oyoyoka ku nkhata za anzake amene anatuluka m'mawa. Chipepala cha pakhoma chija? Anzake analembapo zopusa zonse zomwe anachita ali pasukulu, kuti aziwerenge pagulu anthu amuseke. Mbiri ya malemu yanga ija imeneyo.

Tikadali pomwepo, belu la tchalitchi china linagunda katatu.

Tinathamanga, nsapato ndinavalira m'njira. Titafika, mayi wa pakhomo anayang'ana matikiti athu, n'kuyang'ana wotchi, n'kupukusa mutu mwachifundo. Gulu lathu linali litalowa kale, magulu otsatira onse odzaza, ndipo ndege yathu inali ya m'mawa mwake.

Tinakhala pabenchi m'kapaki ka panjapo. Katchalitchi kali apo, njerwa zokhazokha kunja kwake, nyenyezi zonse zili mkati. Bambo a Tadala anayang'ana katchalitchiko. Ankangozunguza chipewa m'manja. Kunena zoona, bola akanandikalipira.

"Pepani, bambo," ndinatero.

Anatembenukira kwa ine n'kufunsa, "Munkalira amayi anu, eti?"

"Eya."

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

Anagwedeza mutu. Kenako ndinaona mapewa awo ayamba kunjenjemera, ndinaganiza kuti nawonso ayamba kulira, koma ayi, kunali kuseka.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero akupukuta misozi. "Ndakuwolotsani nyanja kuti mupumeko maliro, inu mwakafukula maliro oti mwini wake akuyenda ndi gogoda. Ndipo ine ndapepesa amalume ake onse, mmodzimmodzi!"

Banja lija linali litatiuza malo omwe likukadyera, ndiye tinabwerera. Anatikhazika kutsogolo ngati achibale, mayi uja sanandisiye dzanja, ndipo aliyense wolowa ankamufotokozera nkhani yanga ndi manja. Chithunzicho chinajambulidwa pamenepo. Titafika kuno abambo anachitsukitsa n'kuchipachika pamsomali uja unkadikira nyenyezi. Akuti ndicho chodabwitsa chachikulu chomwe anaona ku Italy.

Tadala watibukitsiranso chaka chamawa. Abambo anena kale kuti tidzakwera takisi kuchokera pahotela mpaka pakhomo pa katchalitchiko, ine nditatsinzina njira yonse. Ndavomera. Ndipo ndinalumbira kuti kunja kuno sindidzakhalanso pansi kulira munthu ndisanaone bokosi ndi maso angawa. Chitenje chokha ndiye musandiuze, m'chikwama sichichoka.

Imwani tiyi wanuyo, wazizira. Mukakumana ndi amayi anzathu kutchalitchi ku Woolwich Lamlungu, muwafotokozereko mofatsa, makamaka aja akukonzekera kupita ku Italy. Asekeko, palibe kanthu, bola akaona masamba pamsewu ayambe afunsa.