Wonga, Ankhoswe ndi a Walter

Lolemba

Ndalandira chuma! A Walter, madala oyandikana nafe nyumba, andiitana m'galaja mwawo n'kundilozera benchi yonse. "Take it. All of it." Pali pulesi yopangira zipolopolo, kasikelo koyezera wonga, chitini cha wonga, mitu ya zipolopolo, ndi ndowa yodzaza makoko a mkuwa, aja amatsala ukawombera, oti n'kuwadzazanso.

Lolemba likubwerali akusamukira kunyumba yosungirako okalamba. Mwana wawo amakhala kutali, wakonza zonse pafoni.

Ndi madala amenewa anandiphunzitsa kuwombera mapepala kukalabu ya mfuti, ine nditangofika ku Oshawa, ku Canada kuno, ndisakudziwa munthu aliyense kupatula fosholo yochotsera sinowo. Anandithandiza za chiphaso, anandiperekeza pogula pisitolo yanga nthawi ija zinkaloledwa. Pano manja awo amanjenjemera, kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Loweruka ndi tsiku lawo lomaliza kupita kukalabu, ndiye ndawalonjeza: adzandiona ndikuwombera zipolopolo zopanga ndekha, papulesi yawoyo. Andigwira paphewa nthawi yaitali.

Dongosolo:
Lachiwiri, kupeza mlingo wa wonga.
Lachitatu, kupanga.
Lachinayi, kupukuta kuti ziwale.
Lachisanu, kupuma ngati katswiri.

Chovuta n'chiyani? Ine ndinamanga bedi la mwana wathu Tadala osawerenga ndi pepala lomwe.

Amake Tadala: "Bedi lija linagwa."

Lachiwiri

Mlingo! Kanthu kakang'onong'ono koma kanditulutsa thukuta. Wonga ukachepa, chipolopolo chimakakamira mumpope wa mfuti. Ukachuluka, mfuti imakuphulikira m'manja. Kusiyana kwake n'kochepa kuposa mchere wothira m'dzira limodzi. Ndipo woyeza ndine, mwana wa anthu oyeza chilichonse ndi maso n'kunena kuti "basi, pakwana."

Buku la miyezo la a Walter ndi lakale, masamba anamwa oyilo. Wonga wanga ulimo, koma ndi mitu ya mtundu wina. Mitu yanga ilimo, koma ndi wonga wina. Kusitolo wonga winawo watha, sakudziwa kuti ubwera liti. Wogulitsa akuti, "Musasakanize, musaganizire." Nanga ndichite chiyani, ndilote?

Paintaneti pali msika wa Lizulu. Wina akuti chakuti. Wachiwiri akuti woyambayo ndi chitsiru. Wachitatu wangoikapo chithunzi cha dzanja lake lili m'bandeji. Onse akugwirizana pamfundo imodzi: yambira pansi, uzikwera pang'onopang'ono. Koma pansipo ndi pati, abale?

Ndalembera kalata kampani yopanga wongayo. Yandiyankha ndi makina, akuti munthu adzandiyankha "posachedwa."

Madzulo ndafunsa a Walter pampanda. Agogoda mutu wawo ndi chala. "It's all up here." Atchula nambala mosajejema. Ndailemba pachikhatho. Mavuto atha!

Lachitatu

Mavuto sanathe. Ndawafunsanso a Walter kungofuna kutsimikiza. Atchula nambala ina, molimba mtima chimodzimodzi dzulo. Kenako andiitana ndi dzina la mwana wawo.

Mtima wandipweteka kwambiri. Ndasamba m'manja, nambala ya dzulo yapita ndi sopo. Kuwauza kuti sindikuikhulupirira sindingathe. Munthu wachita zimenezi moyo wake wonse, ine ndine ndani?

Chabwino. Safunsa anadya phula. Tili ndi gulu lathu la pafoni la Amalawi, ndipo palibe chimene gululi silinandipezerepo: ufa woyera, makaniko wotchipa, mbuzi ya pa Khirisimasi, munthu wopita kumudzi wokhala ndi malo m'chikwama. Ndiye ndalemba:

"Abale, alipo akudziwa mlingo wa wonga wa chipolopolo cha pisitolo? Ndikufuna nkhani imeneyi ithe pofika Loweruka."

Onse awerenga. Woyankha palibe. Zii! Gulu lomwe limakangana tsiku lonse za usipa wabwino kuti ndi wa kuti.

Foni ya amake Tadala yayamba kulira.

Lachinayi

Sinasiye. Ine palibe akundiimbira, onse akuimbira madamu. Zina ndikumva ndekha, foni ili pasipika, iwo akudula anyezi:

"Asisi, ngati ali pafupi musayankhule, ingotsokomolani."

"Ndi ma stress a ku Canada amenewo, winter isanayambe n'komwe."

"Ife tinaona kale ku Brampton kuja, koma tinati tisalowerere."

Za ku Brampton n'zoona. Loweruka lathali, pachinkhoswe cha mwana wa mnzathu, tinakangana pang'ono poimika magalimoto. Nkhani yake inali ya beseni la mandasi lomwe wina anaiwala padenga la galimoto. Winayo ndine, koma ndinali ndi zifukwa. Mandasi anatha mumsewu, ife tinaseka tisanafike ndi kunyumba komwe. Koma kuseka kwathuko palibe anakuona.

Amake Tadala akuseka mpaka misozi. Ndawapempha alembe pagulu kuti m'nyumba muno muli mtendere. Akuti alemba mawa. Mayi wina wawabweretsera nkhuku yootcha ndi chigumu, zowatonthoza. Amake Tadala: "Nkhukuyi ithe kaye."

Tadala, akudutsa ndi mwendo wa nkhuku m'manja: "Dad, just buy the bullets. Mukutichititsa manyazi."

Walira mvula walira matope. Ndalemba ndekha pagulu kuti ndi masewera chabe a kukalabu. Wina wayankha ndi vesi.

Lero linali tsiku lopukuta. Ndapukuta makoko opanda kanthu. Akuwala bwino.

Lachisanu

Belu la pakhomo. Ndi a Kamwendo, nkhoswe yanga yobwereka, poti malume enieni ali ku Ntcheu. Jekete, tayi, Baibulo kukhwapa. Pambuyo pawo Mayi Nyirenda, nkhoswe ya kuchikazi. "Timangodutsa." A Kamwendo amakhala ku Hamilton! Akwera sitima ziwiri kuti angodutsa.

Moni. Za ana. Za kumudzi. Za mvula ya kumudzi. Tiyi. Kenako a Kamwendo atsokomola: "Mwana wanga, mtima ukalema munthu amauza akulu. Mandasi si nkhani yoti mpaka wonga."

Ndawatengera kugalaja. Ndawaonetsa chiphaso, sefu yokiyiramo mfuti, mapepala obooka a kukalabu, kasikelo, buku lomwa oyilo. Ndafotokoza za mlingo. A Kamwendo amasula tayi, nkhope yawala. "Vuto lake n'limeneli? Malume anga ankangothira wonga m'gogodela ndi dzanja, nguluwe n'kugwa!"

Ndawafunsa kuti malumewo anamwalira ali ndi zala zingati. Asintha nkhani.

Chitseko cha galaja chili chotsegula, ndiye a Walter atulukira ndi ndodo yawo, akondwa kuona alendo. Apereka moni wa m'manja kwa aliyense, kwa a Kamwendo kawiri. Asisita pulesi ngati galu wawo. Anditsinzinira diso n'kutchula nambala. Yachitatu, yosiyana ndi ziwiri zija. "Tomorrow, eh?"

Atapita ndanena zonse, za lonjezo, za manambala, za kusamuka kwawo Lolemba. Mayi Nyirenda amagwira ntchito yosamalira okalamba, sanafunse zambiri. Funso lawo limodzi: "Kumeneko azikawaona ndani?"

Chigamulo cha bwalo: mlandu wa banja palibe, koma ankhoswe agona konkuno, mawa akaone ndi maso awo. Tadala wasamutsidwira pasofa. Nkhuku yatha. Chipolopolo chopanga ine: palibe.

Loweruka

Ndagula bokosi la zipolopolo kusitolo. M'galaja ndaima ndi kabokosi kakale ka a Walter, kopanda kanthu, dzanja lili lende. Ndikangozisamutsira umu, adziwa bwanji? Maso awo saonanso bwino. Angosangalala.

Amake Tadala ali pakhomo ndi dengu la zochapa: "Mukawanamize madala aja?" Basi, apita.

Kukalabu tafika ngati gulu lokapereka malowolo. A Kamwendo avala zotseka m'makutu pamwamba pa suti, akukuwa poyankhula chifukwa sakudzimva. Mayi Nyirenda agwira a Walter pamkono.

Ndaika bokosi la kusitolo patebulo, lowala, mtengo uli pomwepo. Ndawauza a Walter: sindinapange. Sindinapeze mlingo woti ndiukhulupirire.

Ayang'ana bokosilo, ayang'ana ine. "Not even mine?"

Ndati ayi, ngakhale wanu.

Ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Kenako aseka, kuseka kwawo kuja kokhala ngati galimoto yokana kulira. "Good. I wouldn't trust me either." Apukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kundimenya bondo ndi ndodo kuti ndikonze kaimidwe, monga amachitira kuyambira tsiku loyamba.

Ndawombera moipa kuposa kale lonse. Ndi maso onyowa pepala silioneka. Chipolopolo chilichonse chikalira, a Kamwendo akudumpha: "Mayo!" Ndiponso: "Mayo ine!" A Walter aseka mpaka kukhala pansi. Akuti tsiku labwino chonchi kukalabu sanalionepo.

Pobwerera agona m'galimoto, mutu paphewa pa a Kamwendo.

Lamulungu

Zipolopolo zopanga ndekha: ziro.
Kampani ya wonga: zii.
Makoko: akuwala.

A Kamwendo aika pagulu chithunzi chawo atanyamula pepala lobooka. Pepala langa! Anthu akuwayamikira kuti ali ndi diso. Wina akufunsa ngati kukalabuko amalola kuotcha nyama. Za ine angolemba kuti, "Mnyamata ali bwinobwino, tamuthandiza."

Mayi Nyirenda agawa kale masabata okaona a Walter, osafunsa munthu. Gulu lonse lalowamo, ngakhale uja wa vesi. Pali mkangano kale woti madala a chizungu angadye chigumu kapena ayi. Ine andipatsa Lamulungu loyamba. Ndikapeza buku latsopano la miyezo ndidzapita nalo, tikawerenge limodzi. Pulesi idikira. Papulesipo amake Tadala ayanikapo kale kansalu kopukutira mbale.

Masana onse ndanyamula makatoni a a Walter. Moyo wonse wa munthu, makatoni ochepa chonchi. Mawa pampandapo sipadzakhalanso woti n'kumufunsa kanthu, ndipo zikundiwawa.

Madzulo, ndikutseka galaja, andiitana. Aima pampanda, chala chili pamutu, nkhope yowala. Akuti aikumbukira tsopano, yeniyeniyo. Atchula nambala. Yachinayi.

Ndathokoza. Ndatulutsa cholembera, ndailemba pachikhatho pang'onopang'ono, iwo akuona.

Ndisamba m'manja akalowa m'nyumba.